Asiyeni a ku Turkey ayeze makosi a anthu abwinobwino

Fupa loyamba la pakhosi, lija mutu umakhalapo, ndinaligwira koyamba mu labu ku Turkey nthawi imene ndinkaphunzira zojambula odwala, ndipo chimene chinandibwerera m'maganizo pompo ndi nkhata. Nkhata yeniyeni ija amayi amapinda ndi chitenje akafuna kusenza ndowa ya madzi. Ndi kafupa kozungulira, kopepuka kwambiri, pakati pali bowo lalikulu, pamwamba pali timaenje tiwiri tosalala pomwe chigaza chimatsamira. Dzina lake amati atlas, kutengera chimphona cha m'nthano za Agiriki chomwe ankati chinasenza thambo. Nde taganizani, mutu wa munthu wamkulu umalemera makilo pafupifupi 5 ndipo onsewo akhala pa kankhata kameneka tsiku lonse, usiku wonse, moyo wonse.

Pansi pa atlas pali fupa lachiwiri, axis, ndipo ili ndi lachilendo chifukwa lili ndi kachikhomo koloza m'mwamba, kolowa mkati mwa nkhata ija cha kutsogolo. Kachikhomo aka amakatcha dens, mawu achilatini otanthauza dzino, ndipo ukakaona kamaonekadi ngati dzino. Ukamagwedeza mutu kuvomera, chikuyenda kwambiri ndi chigaza pamwamba pa atlas. Ukamapukusa mutu kukana, ndi atlas amene akuzungulira pa dzino lija, ndipo pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa khosi kumachokera pamalo amodzi amenewa. Kumbuyo kwa dzinolo kuli kalamba kolimba kopingasa kamene kamaligwira kuti lisabwerere m'mbuyo, chifukwa kumbuyoko nkumene kukudutsa mtsempha waukulu wa mumsana, pomwe ukungotuluka kumene mu tsinde la ubongo. Tsinde la ubongo limenelo ndi lomwe limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Dokotala wina dzina lake Steel anafotokoza mu 1968 kuti malo a mkati mwa atlas ukhoza kuwagawa patatu, gawo limodzi ndi la dzino, lina la mtsempha wa mumsana, lina ndi mpata wongotsala. Mpata umenewo ndi womwe umapulumutsa anthu ambiri pa ngozi. M'mbali monsemo mukukwera mitsempha iwiri ya magazi yopita ku ubongo wa kunkhongo, imapinda ngati njira ya m'phiri, kudutsa pamwamba pa atlas kenako kulowa m'chigaza kudzera pa bowo lalikulu la pansi pa chigaza lomwe amati foramen magnum.

Zonsezi zili pa malo oti ukhoza kuwaphimba ndi chikhatho chimodzi.

Ndalemba izi chifukwa cha mnzanga wina, nayenso ali m'zachipatala, amene anandifunsa mokhumudwa ndithu kuti kodi madokotala a ku Turkey chimawavuta nchani, bwanji amangolemba za miyezo ya anthu oti sakudwala nkomwe, mamilimita angati pakati pa fupa ili ndi ilo, bowo la chigaza ndi lalikulu bwanji mwa amuna, nanga mwa akazi, ma angle ndi angati. Iye amati iyi ndi ntchito yongofuna kudzazira mapepala kuti munthu akwezedwe pa yunivesite, khosi ndi khosi basi, mabuku analemba kale. Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo nde ndikufuna ndiyankhe pano, chifukwa ine ndikuona kuti akulakwitsa, ngakhale pali mbali ina yomwe ndikugwirizana naye ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi zoti mabuku analemba kale. Analembadi. Koma anayeza ndani, ndipo anayeza ndi chani?

Dokotala akafuna kudziwa ngati dzino lija lakwera mopitirira n'kuyamba kulowa m'chigaza, vuto lomwe amalitcha basilar invagination, amajambula mizere pa chithunzi. Mzere wodziwika kwambiri ndi wa Chamberlain, dokotala wa X-ray wa ku Philadelphia, amene anaufotokoza mu 1939. Umayambira kumapeto kwa fupa la denga la m'kamwa kukafika pa mlomo wa kumbuyo wa foramen magnum, ndipo ambiri amaphunzitsa kuti nsonga ya dzino isapitirire mamilimita 3 pamwamba pa mzerewu. Kenako mu 1948 kunabwera mzere wa McGregor, chifukwa mlomo wa kumbuyo uja umavuta kuuona pa X-ray wamba nde iye anasankha malo otsikitsitsa a fupa la kunkhongo, malire ake ndi mamilimita 4.5. Anthu amene McGregor anawayeza anali anthu akuda a ku South Africa, chinthu chomwe ambiri ojambula mzerewu tsiku ndi tsiku sachidziwa. Mu 1953 McRae wa ku Montreal anabweretsa wake, wongodula pakamwa pa bowo lenilenilo kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo, ndipo dzino liyenera kukhala pansi pake. Onani zaka zimenezo. Wodwala woyamba kujambulidwa ndi CT, makina a X-ray ojambula thupi timagawotimagawo pa kompyuta, anajambulidwa ku London mu 1971. Ndiye kuti mizere yonse itatuyi inabadwa pa X-ray ya filimu, pomwe mafupa amaoneka osanjikizana lina pamwamba pa linzake ndipo chithunzi chimakula pang'ono kuposa fupa lenileni chifukwa cha mtunda wa pakati pa munthu ndi filimu. Lero timatenga manambala omwewo n'kuwaika pa CT yodula timagawo tosakwana milimita imodzi, ngati kuti palibe chasintha.

Chasintha, ndipo umboni ulipo. Mtunda wa pakati pa mlomo wa kutsogolo wa bowo la chigaza ndi nsonga ya dzino, umene timayang'ana tikamakayikira kuti mutu wasuntha pa khosi pa ngozi, pa X-ray malire ake anali mamilimita 12. Atayeza anthu ndi CT ku America anapeza kuti mwa anthu abwinobwino mtundawu nthawi zambiri sufika olo pa 8.5. Tangoganizani munthu wagwa pa njinga yamoto, CT yaonetsa 11, dokotala watsegula buku lakale waona 12, wanena kuti zili bwino mumasuleni kolala yogwira khosi azipita. Chimodzimodzi mpata wa pakati pa dzino ndi kutsogolo kwa atlas, tinaloweza kuti 3 mwa akulu ndi 5 mwa ana, koma pa CT ya munthu wamkulu wabwinobwino kawirikawiri umakhala pansi pa 2. Nde munthu akati kuyezanso anthu abwinobwino ndi makina atsopano ndi kutaya nthawi, ine ndimadabwa kuti akufuna tiziyerekeza wodwala ndi chani. Sungadziwe kuti chinthu chapindika ngati sunaonepo chowongoka.

Ndikumbukira mayi wina, wa zaka za m'ma 50, anabwera kuchokera kumudzi atavala mpango wake kumutu, mwana wake wamwamuna akumuperekeza, vuto linali mutu wa kunkhongo womwe unakhala miyezi. Tinamujambula. Mu chipinda chowerengera zithunzi, muja mumakhala mdima ndi fungo la tiyi wa m'timatambula ting'onoting'ono, dokotala wachinyamata amene ankaphunzira ukatswiri anakoka mzere wa Chamberlain pa kompyuta, nsonga ya dzino inali pamwamba pang'ono kupitirira nambala ya m'buku, kusiyana kwake kosakwana olo milimita imodzi, ndipo iye anali atayamba kale kulemba dzina la matenda mu lipoti. Anaitana mphunzitsi wake, kumeneko amati hocam, kutanthauza aphunzitsi anga, ndi ulemu wonse. Bambo aja anabwera, anakhala pansi, sanathamangire nambala ayi, anayamba kuyendetsa zithunzi chimodzichimodzi, anaona kuti dzino lili pansi pa mzere wa McRae bwinobwino, tsinde la ubongo silikupanikizika, madzi ozungulira mtsempha akuoneka mbali zonse, mfundo za atlas zakhala m'malo mwake. Kenako anamuuza kuti akokenso mzere uja koma ayang'anitsitse pomwe fupa la denga la m'kamwa likuthera. Atakokanso nambala inatsika. Mayi uja anapita kwawo popanda dzina loopsa pa pepala lake, mutu wake anakauthandiza ndi njira zina. Chimene ndinaona tsiku limenelo nchakuti dzina la matenda likalowa mu lipoti silituluka msanga, munthu amayenda nalo chipatala ndi chipatala, banja lonse tulo osagona, ndipo pena amakumana ndi wina wofulumira kunena za opaleshoni. Bambo aja anatha kunena kuti dikira chifukwa anali ataona makosi ambirimbiri a anthu a m'dera limenelo ndipo ankadziwa kuti abwinobwino amafika pati. Kafukufuku wa miyezo ndi njira yotengera nzeru imene ili m'maso mwa mkulu ngati ameneyu n'kuyiika pa pepala kuti wachinyamata amene ali yekha usiku pa chipatala cha kutali aipeze.

Ndipo Turkey ili ndi mwayi wochita zimenezi kuposa mayiko ambiri. Ndi dziko la anthu opitirira 85 miliyoni ndipo ndi limodzi mwa mayiko amene amajambula anthu ambiri zedi ndi CT ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, moti ena amadandaula kuti amajambula mopitirira muyezo. Zithunzi zimenezo zili kale mu makompyuta a zipatala. Munthu amene anajambulidwa chifukwa cha chizungulire kapena anagunda mutu pang'ono n'kupezeka kuti alibe vuto, chithunzi chake chikhoza kuyezedwa popanda kumuwotchanso ndi cheza china. Kusiya chuma chotere chikungogona kungakhale kulakwa.

Komanso kumeneko nkhani ya ubongo ndi msana siinayambe dzulo. Ku Amasya kunali dokotala Şerafeddin Sabuncuoğlu amene mu 1465 analemba buku la opaleshoni lokhala ndi zithunzi, momwe anaonetsamo ngakhale kawongoledwe ka msana woguluka. Gazi Yaşargil, amene anabadwira ku Lice ku Turkey komweko mu 1925 n'kukagwira ntchito zaka zambiri ku Zurich, ndi amene anakhazikitsa kachitidwe ka opaleshoni ya ubongo pogwiritsa ntchito maikulosikopu. Olo mkati mwa chigaza mwenimwenimo muli kadzenje komwe kamasunga pituitary, kachiwalo kotulutsa mahomoni, dzina lake ndi sella turcica, kutanthauza chishalo cha anthu a ku Turkey, chifukwa akatswiri a ku Ulaya akale anaona kuti kakufanana ndi chishalo cha pa kavalo cha kumeneko, ndipo kadzenje komweka ndi amodzi mwa malo amene timayambira poyeza ngati pansi pa chigaza paphwatalala mopitirira. Ndangodutsamo, tibwerere ku nkhani.

Pomwe miyezo imakhala nkhani ya moyo ndi imfa ndi mu fiyeta. Atlas ndi axis zikagwedera, kaya chifukwa cha ngozi, kaya nyamakazi ija ya rheumatoid yadya kalamba kogwira dzino, kaya TB ya mafupa, kaya munthu anabadwa choncho monga zimachitikira ena mwa anthu a Down syndrome, madokotala amamanga mafupawa ndi masikuluwu ndi timitengo ta chitsulo. Njira imene ambiri akugwiritsa ntchito pano inayambitsidwa ndi Atul Goel wa ku Mumbai mu 1994, kenako Harms ndi Melcher anaikonzanso mu 2001. Sikuluwu yake nthawi zambiri ndi yonenepa mamilimita 3.5 ndipo imadutsa mu kanjira ka fupa komwe mwa anthu ena ndi kongokwana ndendende, pambali pake pali mtsempha wa magazi uja wopita ku ubongo. Mwa anthu ena mtsemphawu umakwera kwambiri mkati mwa axis n'kusiya fupa lopyapyala. Mwa ena, pafupifupi munthu m'modzi mwa 6, pamwamba pa atlas pamamera kamlatho ka fupa kophimba mtsemphawo, amati ponticulus posticus, ndipo dokotala amene sakudziwa akhoza kuganiza kuti wapeza fupa lonenepa bwino loti abooleremo, kumene akuboola mtsempha. Anthu amenewa sakudwala, anabadwa choncho ndipo ambiri adzafa ndi ukalamba osadziwa nkomwe. Koma dokotala ayenera kudziwa kuti mwa anthu amene amabwera pa tebulo lake zinthu zimenezi zimapezeka kangati.

Timabampu tiwiri ta pansi pa chigaza tomwe timakhala mu timaenje ta atlas tija, ma occipital condyle, natonso ndi nkhani. Pofuna kufika pa chotupa chomwe chili kutsogolo kwa tsinde la ubongo, madokotala pena amadzera chakumbali n'kupala gawo la kabampu kameneka, koma mkati mwake mukudutsa mtsempha woyendetsa lilime, ndipo ukapala kwambiri mutu umayamba kugwedera pa khosi. Sait Naderi ndi anzake anayeza timabampu timeneti pa zigaza zouma 202 ku Turkey n'kutulutsa zotsatira mu 2005, anapeza kuti kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 23, komanso kuti maonekedwe ake ndi osiyanasiyana kwambiri, ena aafupi ena aatali. Kupala mamilimita angapo pa kabampu kakatali ndi nkhani ina, kupala omwewo pa kakafupi ndi nkhani inanso. Mnzanga uja akanakhala kuti ndi iye wagona pa tebulo, ndikukhulupirira akanafuna dokotala amene anawerenga zimenezi.

Tsopano pomwe ndikugwirizana naye, ndipo apa ndilankhula mosabisa chifukwa nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. Kuyeza zigaza ku Turkey sikunayambe ndi madokotala ofuna kuchiritsa. M'zaka za m'ma 1930 boma latsopano linkafuna kutsimikizira dziko lonse kuti anthu a ku Turkey ndi a mtundu wa azungu a mitu yozungulira, osati mtundu wotsika monga ena a ku Ulaya ankanenera. Mu 1937 anayeza anthu pafupifupi 64,000 m'dziko lonselo, mitu, mphuno, msinkhu, ndipo Afet İnan, mwana wolera wa Atatürk, pulezidenti woyamba wa dzikolo, analemba digiri yake ya PhD ku Geneva pogwiritsa ntchito miyezo imeneyo. Mu 1935 anafika pofukula manda a Mimar Sinan, mmisiri wamkulu uja anamanga mzikiti wa Süleymaniye ku Istanbul, kuti ayeze chigaza chake aone ngati anali wa mtundu woyenera, ndipo chigazacho pambuyo pake chinasowa. Ife anthu akuda nkhani ya kuyezedwa mitu timaidziwa bwino lomwe, tikudziwa kuti inkathera kuti. Nde munthu akamva mawu oti chigaza cha munthu wa ku Turkey n'kuchita tsemwe, ine sindimuweruza.

Koma kusiyana kulipo ndipo ndi kwakukulu. Aja ankayeza kuti aike anthu pa makwerero, uyu pamwamba uyu pansi. Awa akuyeza kuti sikuluwu isaboole mtsempha komanso kuti mayi wa kumudzi asapatsidwe dzina la matenda omwe alibe. Chida chikhoza kufanana, mpeni womwewo umasenda mbatata umabayanso munthu. Chomwe ndimapempha nchakuti olemba kafukufuku wotere azisamala ndi kalankhulidwe, chifukwa mawu oti anthu a ku Turkey akhoza kunamiza. Dziko limenelo muli Aturuki, muli Akurdi mamiliyoni ambiri, Aarabu, Alaz a ku gombe la Black Sea, Acircassia, zidzukulu za anthu amene anasamuka ku Balkans, komanso othawa nkhondo ochokera ku Syria omwe panthawi ina anapitirira 3 miliyoni. Anatolia, chigawo chachikulu cha dziko la Turkey, ndi mphambano, anthu akhala akudutsapo ndi kukwatirana kwa zaka masauzande. Chipatala chimodzi cha ku İzmir chikayeza anthu mazana angapo, zimene chapeza ndi za anthu amene amabwera pa chipatala chimenecho. Sizikutanthauza kuti m'busa wa nkhosa wa ku Van kapena wolima mtedza wa hazelnut ku Giresun ali chimodzimodzi. Mutu wa pepala uzinena zoona, anthu a mzinda wakuti, ojambulidwa ndi makina akuti.

Chinanso chomwe mnzanga akanatha kunena, ndipo chikanakhala cholondola, nchakuti anthu amene timawatcha abwinobwino mu kafukufuku wotereyu si abwinobwino kwenikweni. Palibe amene amadzuka m'mawa ali bwino n'kupita kukalowa mu CT. Anabwera ndi chinachake, mutu, chizungulire, kugwa, kenako chithunzi sichinaonetse vuto nde tawaika m'gulu la athanzi. Mwina ambiri ndi athanzidi pa nkhani ya mafupa, koma tisamaiwale kuti tinawapeza pa khomo la chipatala. Kuwonjezera apo munthu mu CT kapena MRI amakhala atagona chagada, mutu uli pa kapilo, pomwe moyo wake wonse amakhala chilili mutu ukulemera pa khosi, ndipo ma angle ena, monga ija ya pakati pa fupa lotsetsereka la pansi pa chigaza ndi ngalande ya msana, imasintha munthu akaweramitsa kapena kudzutsa mutu. Komanso ndi dzanja la munthu lomwe limaika kadontho poyambira mzere, monga munaonera kwa mayi uja, nde kafukufuku wabwino amafunika anthu awiri ayeze payekhapayekha kenako aone ngati akugwirizana. Mapepala ena sachita zimenezi, ndipo ena amalengeza mokweza kuti apeza kusiyana ndi anthu a dziko lina pomwe kusiyanako ndi theka la milimita, komwe mwina kwabwera chifukwa cha makina kapena kayezedwe. Amenewo ndi omwe amaipitsa mbiri ya ntchito yonse. Koma mankhwala a kafukufuku wofooka ndi kafukufuku wabwino, zipatala zingapo za m'zigawo zosiyana kugwirizana njira imodzi yoyezera, osati kusiyiratu.

Ndipo ukayang'ana bwino, chomwe miyezo imeneyi imaphunzitsa kwambiri sikuti anthu a ku Turkey ndi osiyana ndi ena onse ayi. Manambala apakati amakhala pafupi ndi a kwina, bowo la chigaza limakhala cha m'ma 35 mamilimita kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo ndi cha m'ma 30 m'mbali, pafupifupi ngati kulikonse. Chimene chimadabwitsa ndi kusiyana kwa pakati pa anthu a m'mudzi umodzi. Wina bowo lake ndi lozungulira, wina ngati dzira, wina lili ndi makona. Amuna nthawi zambiri miyezo yawo ndi yokulirapo kuposa akazi, moti ofufuza za mitembo amagwiritsako ntchito pofuna kudziwa ngati chigaza chinali cha mwamuna kapena mkazi, ngakhale pachokha sichikwanira chifukwa akazi ambiri ndi amuna ambiri amakumana pakati. Ena atlas yawo siinatsekeke kumbuyo chibadwire, ndipo pa ngozi wina akhoza kuiona ngati yathyoka. Ena ochepa atlas inamamatirana ndi chigaza. Nde phindu lenileni si nambala imodzi yoti tiloweze, ndi kudziwa kutambalala kwa malire, kuti kuchokera apa kufika apa anthu amakhala moyo wabwino popanda vuto, ukadutsa apa yamba kukayikira, yang'ana MRI, funsa wodwala ngati manja akuchita dzanzi, ngati akupunthwa poyenda, ngati akutsamwa pomeza. Ndipo pa tsiku la opaleshoni nambala ya mtundu wonse imakhala pambali, dokotala amayeza CT ya munthu amene wagona pamenepoyo, mbali ya kumanja payokha ya kumanzere payokha, chifukwa olo mwa munthu m'modzi mbali ziwirizi sizifanana nthawi zonse.

Mwina wina afunsa kuti nanga ngati pamapeto timayeza munthu aliyense payekha, za gulu zija ntchito yake nchani. Ntchito yake ili usiku wa ngozi. Pa 6 February 2023 chivomerezi cha ku Kahramanmaraş chinapha anthu opitirira 50,000 ku Turkey, ndipo ovulala anali ochuluka kuposa pamenepo, akutulutsidwa pansi pa zipupa. Pa nthawi ngati imeneyo palibe amene ali ndi chithunzi chakale cha wodwala choti ayerekeze nacho, palibe nthawi yoitana pulofesa, pali dokotala wotopa, chithunzi chimodzi, ndi funso loti kodi mpata uwu ndi wachibadwa kapena kalamba kaduka. Chomwe angadalire ndi malire amene wina anayeza mwa anthu abwinobwino ndi makina ofanana ndi akewo. Zomwezi zimachitika kwathu munthu akagwa pa kabaza n'kufika pa chipatala chachikulu chomwe chili ndi CT, mizere yake ndi yomweyi, ya Chamberlain, ya McGregor, ya McRae, ndipo funso loti manambalawa anayezedwa pa ndani limatikhudza ifenso.

Pali mbali imodzi imene ndikufuna a ku Turkey aikirepo mtima kwambiri, ndiyo ya okalamba. Mu 2023 anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anapitirira 10 pa 100 aliwonse m'dzikomo, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Khosi la gogo wa zaka 80 silifanana ndi la mnyamata wa zaka 25, mfundo zimatha, mpata wa pakati pa dzino ndi atlas umachepa, fupa limafewa, ndipo kuthyoka kwa dzino lija ndi kumodzi mwa kuthyoka kofala kwambiri kwa khosi mwa okalamba, nthawi zambiri chifukwa chongoterereka m'nyumba kapena kubafa. Kafukufuku amene waphatikiza wa zaka 18 ndi wa zaka 80 m'thumba limodzi n'kutipatsa nambala imodzi yapakati sakumuthandiza gogo ameneyu. Agawe ndi zaka, agawe amuna ndi akazi, anene makina amene agwiritsa ntchito ndi kunenepa kwa timagawo ta chithunzi, anene mzinda, ndipo atipatse malire a pansi ndi a pamwamba osati yapakati yokha, kuti dokotala amene walandira gogo uja pakati pa usiku atsegule tebulo la msinkhu wake.